Mawu a Amayi pa Wailesi

6 Febuluwale

Mzime wanga,

Ndikhulupirira uli bwino ndipo chifuwa chija chinakusiya. Kuno tili bwino, kupatula makina osokera amene ayamba kulira ngati akufuna kupuma pantchito ine ndisanapume. Achimwene ako anawathira mafuta a galimoto, ndiye tsopano akulira chimodzimodzi koma akununkha galaja.

Kalatayi ndapatsira kondakitala wa basi ya m'mawa monga mwa nthawi zonse. Usandiuzenso za foni. Pafoni ndimangoti "tili bwino, tili bwino" mpaka mayunitsi kutha, ndipo shopu yonse imakhala itatchera khutu.

Nkhani ndi iyi. Lachitatu kunabwera mayi wogulitsa malasha uja kudzafupikitsa siketi, atanyamula nyuzipepala. Akuti, "Atelala, si mwana wanu uyu?" Kuyang'anitsitsa, ndiwedi, gitala pamiyendo, bulauzi yomwe ndinakusokera chaka chatha, ndipo akuti batani lachitatu ndi losamanga. Ndinachita manyazi ndi batanilo koma nyuzipepalayo ndinaipempha. Achimwene ako anandiwerengera yonse ataweruka. Akuti unauza mtolankhani kuti nyimbo zimakubwerera zokha ukakhala m'minibasi. Chabwino. Ine minibasi ndakwera zaka makumi atatu, chimene chinandibwerera ndi msana.

Ndiye dzulo ndikugwira ntchito, wailesi ili pashelefu, anaika nyimbo yako. Ndinaimitsa makina. Ndinamva ukuimba kuti, "Diresi la ukwati ndalisoka lalikulu dala, mkwatibwi sananene kanthu, inenso sindinafunse." Mwana wanga, mawu amenewa ndikuwadziwa. Ndikuwadziwa ngati mmene ndimadziwira msoko wanga pa chovala cha munthu wodutsa mumsewu. Kodi si ine ndinakulembera zimenezi mwezi wa Ogasiti? Kapena minibasi yakoyo imawerenga makalata anga?

Sindinakwiye ayi, ndikungofunsa. Undiyankhe, undiuzenso ngati ukudya mokwanira, chifukwa pachithunzipo mikono yako ikuoneka ngati zogwirira ambulera.

Amayi ako.


13 Febuluwale

Amayi anga okondedwa,

Ndili bwino, chifuwa chinatha, ndipo ndikudya. Batani lija silinali losamanga, linathothoka. Musandikalipire, ndalisokerera, ngakhale ulusi wake ndi wa mtundu wina.

Mwandigwira. Mawuwo ndi anu, ndipo si okhawo. Makalata anu onse ndimawasunga m'bokosi la nsapato pansi pa bedi. Kalata ikafika ndimaiwerenga kawiri, koyamba ngati mwana wanu, kachiwiri ndili ndi pensulo m'manja. Pa nyimbo zisanu ndi zinayi zomwe ndajambula, zisanu ndi imodzi zinayambira m'makalata anu. Ina ndi ya bambo uja amabweretsa buluku lomwelomwelo chaka ndi chaka kuti mulikulitse m'chiuno, nkumanamizira nsalu kuti ndiyo ikuchepa. Ina ndi ya malaya a malemu abambo amene munawadula nkusokera mapilo.

Ndikuuzeni mmene zimakhalira. Anthu amaganiza kuti nyimbo imafuna mawu akuluakulu: mtima, misozi, muyaya. Ndinalemba zoterozo zaka ziwiri. Lamlungu lililonse masana ndimaimba kuhotela anthu akudya, ndipo kumeneko ndi kumene nyimbo imayesedwa. Ukaimba za mtima wosweka, mafoloko amangolirabe m'mbale. Tsiku lomwe ndinaimba ya diresi, mayi wina anaimitsa foloko m'mwamba, chakudya chili pomwepo, mpaka ndime inatha. Ndi pamene ndinadziwa kuti nyimbo imafuna chinthu chimodzi chogwirika, choti munthu achione ndi maso, ndipo chachikulucho usachitchule. Mawu oti mimba mulibe m'nyimbomo, koma aliyense amaimva.

Ntchito yanga ine ndi kupeza maimbidwe ndi kudula zotsala. Ndimakhala pabedi ndi chiganizo chimodzi, nkumachibwereza mpaka chisonyeze chokha pokwera ndi potsika. Woyandikana naye chipinda ndi namwino amene amagona masana, ndiye ndimaika sokisi pansi pa nsambo za gitala kuti ndisamudzutse. Nyimbo zanga zonse zinabadwa monong'ona. Kudula ndimadziwa, koma nsaluyo ndi yanu.

Kwa mtolankhani ndinanama chifukwa cha manyazi. Woimba wa zaka 24 anene kuti amakopera kwa amayi ake ngati mwana wasukulu? Komanso ndinali ndisanakupempheni. Pepani.

Tsopano pempho langa. Mwini situdiyo akufuna nyimbo khumi kuti chimbale chituluke, ndipo wandipatsa mpaka kumapeto kwa Meyi. Yachikhumi ndilibe. Ndatha milungu itatu ndikukanda gitala, palibe chikutuluka. Muzindilembera pafupipafupi, Amayi. Chimbalecho chikatuluka, dzina lanu lidzakhala pachikuto pafupi ndi langa.

Mzime wanu.


24 Febuluwale

Kwa iwe duwa la mtima wanga, nthanda yowala m'bandakucha,

Landira moni wotumphuka pansi penipeni pa chitsime cha chikondi changa.

Kalata yako ndinailandira ndi manja awiri. Sindinkadziwa kuti ndine munthu waluso. Zaka zonsezi ndimangodzitenga ngati woika zipi. Ndinawauza aphunzitsi opuma aja a nyumba yachitatu, ndipo iwo akuti ankazionera patali. Andibwereka buku la miyambi, ndipo kalata ino aiona kawiri nkukonza mofunika kukonza. Akuti makalata anga akale anali ndi nzeru koma analibe ulemerero.

Nazi zomwe ndakukonzera, usankhepo wekha:

1. Moyo ndi ulendo wautali, wodzaza ndi minga ndi maluwa.
2. Chikondi cha mayi ndi mtsinje wosaphwa, ngakhale m'chilimwe cha masautso.
3. Iwe dziko lapansi, uchitiranji nkhanza ana a anthu!
4. Dzuwa likalowa usalire, pakuti mawa lidzatulukanso.

Yachinayiyi aphunzitsi akuti ikhale kolasi, ndipo uziibwereza katatu mokweza mawu. Yachisanu ikadali panjira. Ndagona nayo masiku awiri koma ikukana kutha bwino.

Za kuno palibe zoti nkulemba. Ndi zomwe zija za masiku onse, zosayenera chimbale.

Ndine mayi wako wokukonda kufikira mapiri atasungunuka.


3 Malichi

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino, ngakhale kalata yanu sinanene. Ndaiwerenga katatu kufunafuna inu, ndapezamo aphunzitsi okhaokha.

Ndinena mosapsatira chifukwa nthawi yandithera. Mizere inayi ija sindingaigwiritse ntchito, ngakhale umodzi. Mtsinje wosaphwawo ukuyenda kale m'nyimbo zikwizikwi, ndipo palibe amene ananyowapo nawo. Ya dzuwa ija ndinaiyesa kuti ndisakulakwireni. Ndinapita nayo mpaka kusitudiyo. Situdiyo yathu ndi kachipinda kuseri kwa shopu ya matayala, makoma ake omatidwa ndi mathireyi a mazira, ndipo timajambula pokhapokha makina opopera matayala akasiya kulira. Tinadikira ola lathunthu kuti kukhale bata. Nditaimba mzerewo, mwini situdiyo anaseka mpaka kutsokomola, nkundifunsa ngati ndaukopera kumbuyo kwa lole.

Bukulo abwezereni eni ake. Ine sindikufuna ulemerero. Ndikufuna mundiuze amene wabwera kushopu, wavala chiyani, wanama chiyani, makina akulira bwanji. Zomwe mukuti nzosayenera chimbalezo ndi zimene ndikufuna. Musamaganize za nyimbo polemba, imeneyo ndi ntchito yanga. Inu muzingolemba zimene zachitika, zazing'ono ndi zazikulu, ngakhale za m'nyumba mwathu momwe, ine ndizisankha ndekha zogwira ntchito.

Kwatsala milungu khumi ndi iwiri. Mukamalemba kalata imodzi pamlungu, penapake ndipezapo kanthu.

Mzime wanu.


9 Epulo

Amayi,

Muli bwanji? Kondakitala ndamudikira pasiteji Lachisanu lililonse, kasanu tsopano, ndipo akangondiona amatambasula manja ali patali. Foni yanu amayankha ndi achimwene, ndipo nthawi zonse amati mwatuluka kapena mwatanganidwa. Ngati ndinalakwitsa kalankhulidwe, pepani. Mukundidziwa, ndikapanikizika pakamwa panga sipasefa.

Kwatsala milungu isanu ndi iwiri, ndipo yachikhumi ija sinapezekebe.

Mzime wanu.


17 Epulo

Chemwali,

Ine si wolemba makalata, ndiye uwerenge momwemo, ndipo mafuta ali papepalawo usawaone. Tili moyo. Pali zinthu ziwiri zomwe sukuzidziwa.

Choyamba ndi nyimbo yako ya diresi. Anthu kuno akuikonda, mpaka kugalaja amaiimbira mluzu. Vuto ndi loti chaka chatha amayi anasoka madiresi a ukwati awiri okha, ndipo mkwatibwi mmodzi anachira patangotha miyezi isanu. Anthu amadziwa kuwerenga miyezi, koma anali chete. Nyimbo yako yawamasula pakamwa. Mwezi watha mayi ake a mtsikanayo anabwera kushopu, anatenga nsalu zawo zitatu zosasoka, nkunena ali pakhomo, anthu akumva, kuti telala amene tepi yake yoyezera imayankhula pa wailesi iwo sakumufuna. Makasitomala ena awiri atsatira.

Chachiwiri ndiye chachikulu. Amayi sakuona bwino. Zinayamba pang'onopang'ono chaka chatha. Kuyambira Januwale ulusi ndimawalowetsera ndine m'mawa ndisanapite kuntchito, pamakina ndi pa singano zisanu za pamanja zomwe ndimazibaya pakapilo. Ukaduka masana amasoka pamanja mpaka singano zithe, kenaka amadikira ine. Adokotala akuti ndi ng'ala m'maso onse awiri, ndipo opaleshoni ya diso loyamba ndi pa 12 Meyi. Makasitomala sakudziwa. Amayi akuyeza ndi zala, ndipo mpaka pano palibe wadandaula.

Anafuna kukuuza. Ndinawaona akulemba katatu, nkhope ili pafupi ndi pepala ngati akulinunkhiza. Kalata yoyamba anaing'amba mu Febuluwale chifukwa akuti inalibe ulemerero. Yako ya Malichi ija ndinawawerengera ndine. Pa kuseka kwa mwini situdiyo paja ndinafuna kudumpha, koma anamva kuti ndameza mawu, nkundiuza kuti ndibwerere. Sanalire. Anangovala nsapato nkupita kukabweza buku.

Ziwiri zinazo anazing'amba itachitika nkhani ya mkwatibwi. Anandifunsa kuti, "Ndikamuuza za masowa, ndikhala ndauza mwana wanga kapena ndauza wailesi?" Telala wosaona ndi nyimbo yabwino, chemwali, ngakhale ine wa masipanala ndikuziona zimenezo. Koma ikangoimbidwa, shopu yatsekedwa.

Sakudziwa kuti ndakulembera. Milungu yakoyo uziwerengabe, sindikukuletsa, koma uwerengenso masiku otsala kufika pa 12.

Achimwene ako.


23 Epulo

Amayi,

Achimwene andiuza zonse. Musawakalipire, anachita zomwe ine ndinayenera kuchita kalekale, kufunsa mmene mulili nkudikira yankho.

Ndatha masiku anayi ndili ndi manyazi. Chondipweteka kwambiri ndi ichi, ndipo ndikuuzani chifukwa kunama kwanditopetsa. Pamene ndinkawerenga za singano zisanu zija, ndikulira, mbali ina ya mutu wanga inali itayamba kale kuzifunira maimbidwe. Ndinadzida. Ndakhala ndikuuza aliyense kuti woimba wabwino ndi amene amamva chilichonse nkuchitola. Sindinaganizepo kuti zina munthu amakuuza chifukwa ndiwe mwana wake basi, ndipo kuti m'kalata yanu munali mtsikana weniweni amene amayenda mumsewu anthu nkumamuona.

Dzulo ndinapita kwa mwini situdiyo. Ndinamuuza kuti ya diresi ndaichotsa ndipo yachikhumi kulibe. Anakalipa mpaka a matayala anasuzumira. Akuti ndikuchotsa nyimbo yokhayo imene anthu akuidziwa, ndipo mwina chimbalecho achiimika mpaka chaka chamawa, mwinanso mpaka kalekale. Ndinamuuza kuti ndamva. Ku wailesi sindingathe kuibweza, koma kuhotela ndasiya kuiimba, ngakhale Lamlungu lapitali tebulo lina linaipempha kawiri. Zisanu zina zochokera m'makalata anu ndidzakuimbirani nokha, imodziimodzi, inu mudzanene yotuluka ndi yotsala.

Za maso anu sizidzatuluka pakamwa panga, ndili ndi gitala kapena ndilibe. Bokosi la makalata ndalimanga ndi chingwe. Mukafuna, ndilitumiza ndi kondakitala Lachisanu.

Sindikupempha nyimbo. Ndikupempha kalata, ngakhale ya mizere iwiri, yondiuza mmene mwadzukira.

Mzime wanu.


2 Meyi

Mzime wanga,

Akulemba ndi achimwene ako, ine ndikunena. Ndawachenjeza kuti akasintha liwu ngakhale limodzi ndidzadziwa likangotseguka disoli. Za kalata yawo yakubisa ija tinakambirana kale, ndipo makutu awo akadali otentha.

Ndadzuka bwino. Makina ali bwino. Ndamaliza mayunifomu asanu ndi atatu a ana asukulu, ndipo matumba onse ali mbali yoyenera, ndinachita kuwapapasa limodzilimodzi.

Bokosilo usatumize. Ndiliika kuti, ndipo ndiwerenga ndi chiyani? Nyimbo ya diresi wachita bwino kuichotsa, ngakhale madzi akatayika saoleka. Kwa mayi ake a mkwatibwi ndinapita ndekha kukapepesa. Sindinakunamizire iwe. Tepi ndinagwira ndine, kalata ndinalemba ndine. Anandimvetsera ndili chiimire pakhonde, mpando sanandipatse, ndipo nsalu zawo sizinabwerere. Ya buluku ija usaichotse. Mwini wake anaimva, ndipo akuyenda ponseponse akudzitama kuti wa m'nyimboyo ndi iye. Ya malaya a abambo ako ndikufuna ndiimve kaye ndili pansi.

Mwini situdiyo wakoyo umuuze kuti mzere wa dzuwa uja unali wa aphunzitsi, si wanga.

Tsopano za makalata omwe ukupempha. Ndayesa, mwana wanga. Sikuti ndakukwiyira, mkwiyo unatha. Koma kale ndinkalemba osadzimva. Ndinkangokankha nsalu patebulo, nkukhala, nkumayankhula nawe. Tsopano ndikanena chiganizo ndimaima nkuchitembenuza, ngati nchabwino, ngati nchoipa, ngati chingaimbidwe, ngati chipweteka munthu. Ngakhale za matumba a yunifomu zija ndazinena nkudzifunsa ngati uzikonda. Zimenezi zikunditopetsa, ndipo sindikudziwa ngati zimatha.

Apa ndawatuma achimwene ako kukagula ulusi ndipo cholembera ndatenga ndine. Ukhululuke mizere yokhota.

Ndikuopa. Pamaso pa achimwene ako ndimaseka chifukwa iwo akaopa amaphwanya makapu. Ndikuopa kuti adzandimasula bandeji ine nkuona chifunga chomwechi. Ndili ndi zaka 56 ndipo ntchito ina sindiidziwa. Ndikuopanso singano yawoyo, ine amene ndagwira singano moyo wanga wonse. Izi sindinauze munthu. Ndakuuza iwe, ndipo sindinaime kuti ndione ngati zamveka bwino.

Ubwere pa 11 ndi basi ya m'mawa. Akuti pamafunika munthu wondigwira mkono potuluka, ndipo ndikufuna akhale iwe.

Amayi ako.